Filimu yathu ya mayi wofedwa pa namondwe wa Freddy: kodi ithe motani?

Wojambula wa ku Zingwangwa

Moni kwa nonse, akuluakulu ndi anzanga. Ndabwera ndi nkhani imene yatiimitsa ntchito, ndipo ndikupempha nzeru makamaka kwa inu amene mumadziwa bwino za maliro, za mpingo ndi za kujambula mafilimu.

Ine ndi anzanga ochepa tikukonza filimu yaitali ya m'Chichewa. Palibe kampani kapena bungwe limene latigwira mkono. Ndalama zake tikusonkherana tokha kuchokera pa zimene timapeza tikajambula maukwati ndi zinkhoswe, ndipo kamera ndi yobwereka. Nkhani yake yatsamira pa zimene zinaoneka mumzinda uno pa 12 ndi 13 Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anabweretsa mvula yosakata, ndipo matope, miyala ndi madzi zinatsetsereka kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba za anthu ku Chilobwe ndi madera oyandikana nako. Monga tikudziwira tonse, m'dziko muno munafa anthu opitirira 1,000, enanso opitirira 500,000 anasowa pokhala, ndipo pali ambiri amene anakokoloka moti matupi awo sanapezeke mpaka lero.

Mpangankhani wamkulu ndi mayi wongopeka, sitinatengere munthu aliyense weniweni. Iye ndi wa zaka za m'ma 40, amagulitsa tomato ndi masamba pamsika, ndipo ndi wa Mvano amene amayambitsa nyimbo pamaliro a m'dera lawo. Usiku wa ngoziyo anali kuchipatala kudwazika mchemwali wake amene anagwidwa ndi kolera, popeza nthawi imeneyo mliri uja unali usanathe. Thupi la mwamuna wake linapezeka m'matope n'kuikidwa m'manda, koma mwana wake wamkazi wa sitandade 5 sanaoneke. Kuyambira pamenepo mayiyu waleka kuimba, waleka kupita kutchalitchi, ndipo bulauzi yoyera ndi duku zimene anzake amusokera m'malo mwa zimene zinapita ndi madzi akungozisunga m'jumbo.

Pamene tasemphana ndi pamathero. Anzanga awiri akufuna kuti mwanayo apezeke ali moyo, mwina pamsasa wina kapena kuchipatala cha boma lina, ndipo mayiyo abwerere kumpingo akuimba, aperekenso umboni pakati pa nthungululu. Iwo akuti Amalawi avutika mokwanira moti sangataye nthawi yawo kudzaonera chinthu chongowaliza, ndipo akuti ngakhale Yobu anabwezeredwa zake zonse. Akuwonjezanso kuti mathero otere ndiwo angachititse mipingo kutilola kuonetsa filimuyi m'maholo awo. Ine mtima wanga ukukana, chifukwa ndikuona kuti tikhala tikuwanamiza makolo amene ana awo sanabwerere. Mathero amene ndinalemba ine ndi akuti mayiyo wakhala yekha pamwala, pamalo pamene panali nyumba yake, osalankhula kanthu, filimu n'kuthera pomwepo. Anzangawo akuti mathero amenewo akulalikira kuti Mulungu kulibe, chonsecho ine ndine Mkhristu ndipo sindikufuna kunena zimenezo.

Choncho ndikufunsa: kodi filimu yonena za chisoni, mazunzo ndi chikhulupiriro ingathe motani popanda kunama, komanso popanda kuwasiya oonera mumdima? Ndikufunsanso ngati n'koyenera kukajambulira ku Chilobwe kwenikweniko, kapena tifune malo ena ofanana nako.

Mkulu wa mpingo, Ndirande

Mwana wanga, mwachita bwino kufunsa musanayambe kujambula. Ndaimapo pamanda ambiri monga mkulu wa mpingo, choncho ndiyankha mbali ya chikhulupiriro, za makamera ndisiyira eni ake.

Anzanuwo akatchula Yobu, akuthamangira kumapeto kwa buku. Buku la Yobu lili ndi mitu 42, ndipo nkhani ya kubwezeredwa yangotenga ndime zochepa za mutu wotsiriza. Mbali yaikulu ya bukuli ndi ya munthu amene wakhala paphulusa, akudzikanda zilonda ndi phale, akutemberera tsiku limene adabadwa, ndiponso akumufunsa Mulungu mafunso amene ambiri a ife tingaope kuwatchula m'tchalitchi. Ana ake 10 adafa pamodzi mphepo yamkuntho itagwetsa nyumba imene ankadyeramo, ndipo munthu wa mu Blantyre muno akafika pa ndime imeneyo lero saiwerenganso monga ankaiwerengera kale. Abwenzi ake atatu, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, adakhala naye pansi masiku 7, usana ndi usiku, osanena kanthu, ndipo pamenepo adachita zoyenera. Adayamba kulakwa atatsegula pakamwa kuti afotokoze chifukwa chimene mnzawoyo ankavutikira, n'kumamuumiriza kuti avomere tchimo limene sadachite. Pa mutu 42 ndime 7 Mulungu adakwiyira abwenzi aja, amene ankaoneka ngati akumuikira kumbuyo, ndipo adati Yobu, wodandaula uja, ndiye adanena zoona za Iye.

Onaninso bwino kubwezeredwako. Nkhosa zidachoka pa 7,000 kufika pa 14,000, ngamira ndi ng'ombe nazonso zidawirikiza, ndipo adabereka ana ena 10. Komatu ana oyamba aja sadauke. Kholo lililonse limene lidaikapo mwana m'manda likudziwa kuti wobadwa pambuyo amabwera ndi chimwemwe chake, koma salowa m'malo mwa amene adapita. Choncho ngakhale mutamutsata Yobu mokhulupirika, mwana wa m'filimu yanuyo sayenera kupezeka. Mukamupeza, mukhala mukuphunzitsa kuti Mulungu amaoneka pokhapokha zinthu zikatha bwino, ndipo mayi amene mwana wake akadali pansi pa miyala adzatuluka m'holo akudzifunsa kuti iye adalakwanji kuti pemphero lake lisamveke. Ndidamva ndi makutu anga anthu ena akunena masiku amenewo kuti ngoziyo idagwa chifukwa cha machimo a anthu a m'maderawo. Ambuye Yesu adakana maganizo otere pa Luka 13, pamene adanena za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu idawagwera, kuti sadali ochimwa koposa ena onse okhala mu Yerusalemu.

Komabe mathero anuwo nawonso sindikugwirizana nawo kwathunthu, chifukwa mwamutseka pakamwa mayiyo kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. M'Baibulo anthu ofedwa amalankhula, ndipo amalankhula mowawa. Salimo 88 limayamba ndi kulira n'kuthera mumdima popanda mawu achitonthozo, koma kuyambira ndime yoyamba mpaka yomaliza wolembayo akulankhula ndi Mulungu. Buku lonse la Maliro ndi kulira kwa mzinda umene udagwetsedwa. Ambuye mwini wake adalira pamanda a Lazaro, ndipo pamtanda adafuula ndi mawu oyamba a Salimo 22, kufunsa chifukwa chimene adasiyidwira. Munthu amene akukangana ndi Mulungu ndiye kuti akadaimirirabe pamaso pake. Mulekeni mayiyo akwiye, amufunse Mulungu mokweza kuti adali kuti usiku umenewo, akane ngakhale kunena ameni, koma oonera amve kuti alipo amene akumufunsayo.

Ndikupempheninso kuti musawasandutse abusa ndi akulu a mpingo a m'filimu yanu kukhala anthu opusa kapena ouma mtima. N'zoona kuti timanena kawirikawiri kuti chidali chifuniro cha Mulungu, ndipo mawu amenewo nthawi zina amalasa m'malo motonthoza. Koma ambiri timawanena chifukwa mawu atithera, titaima pamaso pa mabokosi ochuluka kuposa amene tidawaonapo pa tsiku limodzi. Muonetse mbusa amene akusowa chonena koma osachoka pamalopo, ndipo mukatero mudzakhala mwanena zoona za ife.

Nabanda, Chilobwe

Achimwene, ine ndine mmodzi wa amayi a Mvano amene mukuwanenawo, ndipo ndinali komweko. Nyumba yathu inatsala, koma mlamu wanga anapita pamodzi ndi ana ake awiri, ndipo mmodzi wa anawo sitinamuone mpaka lero. Ndikulemba kuti mudziwe zinthu zina zimene munthu wochokera kunja sangazione.

Musaganize kuti panali maliro monga timawadziwira. Pachikhalidwe chathu zovuta zikagwa pamakhala nyumba ya siwa, masamba amaikidwa pamsewu, amayi amagona m'nyumba ndi thupi, abambo amachezera panja pamoto, adzukulu amalawirira kumanda, ndipo anansi amabwera ndi nkhuni, ufa ndi chipepeso. Zonsezi ndi zimene zimamugwiriziza namfedwa kuti asagwe. Sabata imeneyo kunalibe nyumba yoti n'kukhala siwa, ndipo amene akanabwera kudzapepesa nawonso anali anamfedwa. Anthu ankakumba matope ndi makasu, mafosholo ndi manja, asilikali ndi a Red Cross akuthandiza, pamene ena ankayenda wapansi kupita kunyumba ya chisoni ku chipatala chachikulu cha Gulupu kukavundukula nsalu pankhope za anthu kuti mwina apeza wawo. Madzulo tinkakagona m'makalasi a sukulu amene anasanduka misasa, pakuti ngakhale ife amene nyumba zathu zinatsala tinkaopa kugonamo. Timati maliro n'kulirana, koma masiku amenewo aliyense anali ndi ake, ndipo kulira kwenikweni kunabwera mochedwa, misasa itatsekedwa ndiponso alendo atasiya kubwera.

Mayi wanuyo musamukhazike pamwala nthawi yaitali, chifukwa namfedwa wa kuno alibe mpata wotero. M'mawa ayenera kukaima pamzere kuti alembedwe dzina alandire ufa ndi ndowa, pambuyo pake ayenera kufuna mpamba kuti abwerere kumsika, apo ayi agona ndi njala. Chisoni chimamupeza ali pakati pa ntchito. Mchemwali wanga, mkazi wa malemu mlamu wangayo, akamaphika nsima ankapezeka kuti wathira ufa wokwanira banja lonse monga kale, ndipo akazindikira ankangoima ndi mthiko m'manja mpaka nsimayo kupserera. Ana a sukulu akamaweruka, iye amaima pakhomo kuyang'ana aliyense wovala yunifolomu ya sukulu imene mwana wake ankaphunzira. Mphekesera ikamveka kuti kwina kwapezeka mafupa a munthu, amakwera minibasi ndi ndalama yake yomaliza. Alibe manda oti akaikepo nkhata, alibe poti adzamange chiliza, ndipo mwambo wa kumeta anauchita mtima ukukana. Mayi wotere ali kale ndi chiyembekezo chimene chikumudya usana ndi usiku, ndipo filimu imene ikumuonetsa mwana akubwera wamoyo idzangomuwonjezera ululu. Chonde anzanuwo muwawerengere mawu angawa.

Za kuimba ndinene kuti ife a Mvano sitimukakamiza namfedwa. Timakhala naye pamphasa, timaimba ndife, iye n'kumangomvera kapena kulira, podziwa kuti tsiku lina ife tikadzafedwa iye adzatiimbira. Mchemwali wanga anatha nthawi yaitali osaponda kutchalitchi, ndipo palibe ulaliki wa munthu umene unamubweza. Kunagwa maliro a mwana wa mnansi wake, iye anangonyamuka n'kukatunga madzi, kenaka anakakhala pafupi ndi mayi wa mwanayo usiku wonse osanena kanthu. Nyimbo sanaimbe, ndipo mpaka pano zilipo nyimbo zina zimene zikayambika amatuluka panja. Koma ine amene ndinamuona usiku umenewo sindinganene kuti chikhulupiriro chake chinapita ndi madzi.

Pa funso la malo, ndikukupemphani kuti musakajambulire pamene panagumukapo. Pansi pa miyala imeneyo pali anthu athu, kotero kwa ife amenewo ndi manda, ndipo pamanda sipachitikira sewero. Masiku a ngoziyo kunabwera anthu ambiri ndi makamera ndi mafoni, anajambula misozi yathu n'kupita, ndipo ena a ife tinangodziona pa Facebook popanda wotifunsa. Mukafuna kumva nkhani zathu, yambani mwafika kwa amfumu ndi kwa atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, mubwere opanda kamera, ndipo musabwere nyengo ya mvula. Phokoso la usiku uja linali ngati malole ambiri akukhuthula miyala nthawi imodzi, ndipo mpaka lero mvula ikayamba kugunda pamalata ana ena amalira, akuluakulu osagona. Filimuyo ikatha, tiyambe kuionera ndife musanaiike pa YouTube.

M'bale wanu wa ku Bangwe

Mtendere ukhale nanu nonse, ndipo ndikupepesa kwa mayi Nabanda ndi banja lonse. Ine ndine Msilamu, ndipo ndikufuna kukumbutsa kuti matope aja sanasankhe chipembedzo. M'madera athu Mkhristu ndi Msilamu amakhala khomo ndi khomo, amatunga pampopi umodzi, kotero filimu yoonetsa Chilobwe ya Akhristu okhaokha ikhala yoperewera.

Pa chiphunzitso chathu kulira sikoletsedwa. Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, anagwetsa misozi pamene mwana wake Ibrahim anamwalira ali wamng'ono. Zimene timaletsedwa ndi kudzimenya, kung'amba zovala ndi kulankhula mawu otsutsa chiweruzo cha Mulungu, choncho apa tikusiyana pang'ono ndi akulu a ku Ndirande amene akuti mayiyo akangane ndi Mulungu mokweza. Kwa ife kupirira ndiko kumaikidwa patsogolo. Hadisi yodziwika bwino, kutanthauza mawu a Mtumiki, imawaika amene afa pomira m'madzi ndi amene afa pogweredwa ndi nyumba m'gulu la mashahidi, amene amawerengedwa ngati ofera m'njira ya Mulungu, ndipo mawu amenewa ndi chitonthozo chachikulu kwa banja lachisilamu. Chimene chinatiwawa kwambiri n'chakuti mwambo wathu umafuna kuti thupi lisambitsidwe, likulungidwe m'sanda, lipemphereredwe n'kuikidwa mwamsanga, ndipo kwa amene sanapezeke zonsezi sizinatheke. Ilipo swala imene imapempheredwa thupi palibe, monga Mtumiki anachitira pamene mfumu Najashi ya ku Abyssinia inamwalirira kutali, ndipo imeneyo ndiyo imatsala kwa banja lotere.

Maganizo anga ndi akuti muike m'filimuyo mnansi wachisilamu, mkazi wamasiye amene ali m'nyengo ya idda, yolira mwamuna wake kwa miyezi 4 ndi masiku 10, amene akugona kalasi imodzi ndi mayi wa Mvanoyo kumsasa. Wina akhale akufunsa mokweza, wina akhale chete ndi tasibihi yake m'manja, ndipo pasakhale wofuna kumutembenuza mnzake. Agawane bulangete, agawane mchere, aperekezane kokafuna matupi. Mukatero oonera adzaona okha kuti kukhala chete kwa munthu wofedwa sikusonyeza kuti wataya Mulungu, ndipo nkhawa ya anzanu ija idzachepa.

Wokonza mafilimu wa ku Chirimba

Akulu, anzanuwo musawaone ngati adani a choonadi, chifukwa mantha awo ali ndi maziko. Filimu yodzilipirira nokha ikasowa oonera ngongole imatsala ndi inu, ndipo tonse tikudziwa kuti ikangotuluka, anyamata okopera mafilimu m'misika aiika pamafulashi ndi m'mafoni inu osapezapo kanthu. Komabe anthu a kuno amachezera pamaliro usiku wonse, choncho sindikhulupirira kuti amathawa nkhani yachisoni. Amatuluka m'holo nkhani ikakhala yabodza kapena yotopetsa.

Chimene ndikuona kuti chikusowa m'nkhani yanu ndi funso la chimene chinachititsa ngoziyo, ndipo mukalisiya, mlandu wonse ukhala pa Mulungu yekha. Namondweyu anayambira panyanja kufupi ndi Australia, anakhala masiku 36, ndipo bungwe loona za nyengo pa dziko lonse linatsimikiza kuti palibe wina wolembedwa amene anakhalitsa chotero. Zimenezo munthu wa ku Chilobwe sakanaziletsa. Koma mapiri a Soche ndi Ndirande anametedwa mitengo kwa zaka zambiri chifukwa cha nkhuni, makala, minda ndi malo omangapo, ndipo anthu anakwera ndi nyumba zawo kumtunda chifukwa lendi ya m'tauni inawakanika pamene malo otsika mtengo anali kumeneko. Tayerekezani kuti mayi wanuyo ndiye anamuumiriza mwamuna wake kugula kapuloti kumtundako kuti asiye kulipira lendi, ndalama zake zochokera ku banki m'khonde. Pamenepo mkwiyo wake pa Mulungu ukhala utasakanikirana ndi kudziimba mlandu, chinthu chimene sangachiulule kwa abusa ngakhale kwa anzake a Mvano, ndipo mtengambali wanu adzakhala ndi katundu weniweni woti asenze. Muikemonso gogo amene akuti ameneyu ndi Napolo, monga anthu ananenera za Zomba mu 1946 ndi za Phalombe mu 1991, ndiponso mnyamata wa sukulu amene akuti ndi kusintha kwa nyengo. Aliyense afotokoze zake, koma pasakhale kufotokoza kumene kukumukwanira mayiyo.

Kugumuka kwa phiriko musayese kukupanga pakompyuta. Ndalama zake mulibe, ndipo kukaoneka kwabodza anthu adzaseka pamalo polira. Popeza mayiyo anali kuchipatala, oonera akhale naye komweko: mvula ikugunda pamalata, magetsi azima, foni ya mwamuna wake ikuitana osayankhidwa, kenaka yasiya kupezeka, ndipo m'mawa anthu opakika matope thupi lonse ayamba kulowa pageti. Ndalama zochepa zimene muli nazo muziike pa mawu, mubwereke maikolofoni abwino ndi munthu wodziwa kuwatchera, chifukwa mafilimu athu ambiri amagwera pamenepo, ndipo filimu ya anthu olankhula motsitsa ikakhala ndi mawu osamveka ndiye kuti yafa. Zithunzi zenizeni za matupi zimene zinazungulira pa WhatsApp musazigwiritse ntchito ngakhale pang'ono. Mwana amene asewere mbali ya mtsikanayo makolo ake avomereze mochita kulemba, ndipo ngati ena mwa atengambali anafedwa pa ngoziyo, pakhale mlangizi wa za maganizo pafupi nthawi yojambula. Nyimbo zojambulidwa kale ndi makwaya zili ndi eni ake, choncho mufunse ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi zaluso, kapena mujambule nokha amayi akuimba popanda zing'wenyeng'wenye monga amaimbira pasiwa, ndipo kwa ine zimenezo ndizo zingakome koposa. Kumbukiraninso kuti filimu isanaonetsedwe pagulu iyenera kudutsa ku Censorship Board.

Wojambula wa ku Zingwangwa

Zikomo kwambiri nonse. Mayi Nabanda, pepani chifukwa cha zovuta zimene zinakugwerani, ndipo zikomo potiuza za achemwali anu. Zimene mwafotokoza za iwo sitiziika m'filimu popanda chilolezo chawo, ndipo tikadzafika kwa amfumu tidzapempha kuti tionane nanu poyamba.

Takhala pansi ndi anzanga n'kuwerenga mayankho onse. Tagwirizana kuti mwanayo sapezeka, ndiponso kuti sitikajambulira pamalo pamene panagumuka. Tifuna malo ena otsetsereka kunja kwa mzinda, ndipo tijambula m'chilimwe, mvula ya zigawo zochepa zimene zikuifuna tidzachita kupanga ndi mapaipi. Mnansi wachisilamu uja tamulowetsa, chimodzimodzinso nkhani ya kapuloti. Pamene sitinamvanebe ndi pa gawo lomaliza, la maliro a kwa mnansi. Mmodzi wa anzanga akufuna kuti mayiyo ayambitse nyimbo, ngakhale mzere umodzi wokha, pamene ine ndikuona kuti angokhala pafupi ndi namfedwa mnzakeyo ena akuimba. Mayi amene asewere mbaliyi akuti tijambule njira zonse ziwiri, tidzasankhe titawaonetsa anthu a ku Chilobwe, ndipo tichita zimenezo.

Bambo a ku Ndirande, gawo limene mayiyo akukangana ndi Mulungu ndalilemba, koma mawu ake akadali osalala kwambiri, sakumveka ngati otuluka m'kamwa mwa mayi wogulitsa tomato amene waika mwamuna wake. Ngati mungalole, ndikutumizirani masamba ake kuti muwaone. M'bale wathu wa ku Bangwe ndikupempha chimodzimodzi pa zigawo za mayi wachisilamu, kuti tisalakwitse mwambo wa idda ndi mapemphero ake.